Kuthokoza Bwana Amene Anatikumbira Chitsime cha Utsi

Tete, 6 de Outubro

Kwa Olemekezeka Bwana Diretori Wamkulu,
Empreza ya Thambo Loyera, Limitada,
Nyumba yosanja ya magalasi, ku Likulu.

Excelência,

Ndagwada pansi monga tichitira kwathu polankhula ndi akuluakulu, ndipo ndikupempha kuti mukhululukire mwana wosakhwima polembera munthu amene mphindi zake ndi zodula kuposa thumba la fetereza. Ndine Clementina Julião, ndikuphunzira za miyala ndi nthaka, chaka chachitatu, pa univesidade kuno ku Tete. Kwathu ndi ku Kaphande, ku Chidzolomondo, m'distrito ya Macanga. Mudziwu simuudziwa ndi dzina, koma pa mapu anu ndi kadontho kofiira kolembedwa "Furo 7", kutanthauza dzenje lachisanu ndi chiwiri. Ndalembera ofesi yanu kawiri osayankhidwa, choncho ndaganiza zokuthokozani poyera, kuti dziko lonse lindithandize kuomba m'manja.

Poti kalatayi iwerengedwanso ndi anthu osadziwa ntchito yanu yapamwamba, ndiloleni ndiifotokoze mwachidule. Mukufuna kumanga fakitale yotentha malasha a pansi kuti mupange magetsi. Utsi wake, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula, simudzaulola kukwera kumwamba. Mudzaugwira, kuufinya, kuuyendetsa m'mipope ndi kuukwirira pansi pa thanthwe. Mukatero mudzalandira chikalata chonena kuti mwakwirira utsi wochuluka mwakuti, ndipo chikalatacho mudzagulitsa kwa anzanu a kutsidya kwa nyanja amene akufuna kupitiriza kufukiza ndi mtima woyera. Kabuku kanu kokopa ogula kakuti msika umenewu ukukula chaka ndi chaka. Ndikukhulupirira, bwana, chifukwa wafika ngakhale ku Kaphande, kumene ogula chimanga amakana kuti msewu ndi woipa.

Tsono zothokoza zanga ndi izi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha msonkhano wofunsa maganizo a anthu a m'mudzi mwathu, umene munachititsa mu hotela ya mphepo yozizira kuno ku Tete, ulendo wa tsiku lathunthu pa minibasi ya shapa kuchokera kwathu. Munawapulumutsa okalamba athu ku ntchito yotopetsa yomvetsera ndi kufunsa mafunso. Palibe wa ku Kaphande anabwera, ndipo lipoti lanu likunena zoona zokhazokha kuti palibe anatsutsa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha galimoto ija inafika m'mwezi wa Maio itanyamula chitsulo chachitali choboolera nthaka. Mwina simudziwa, bwana, kuti kwathu galimoto yotere imatanthauza chinthu chimodzi basi, ndicho mjigo. Midzi yoyandikana nafe inalandira mijigo, ndipo mwambo wake tinaulowetsa m'mutu ngati katekisimu: mudzi uumba njerwa, ututa mchenga ndi miyala, udyetsa okumba, ndipo usankha komiti yosamala chitsime. Ife takhala tikudikira zaka khumi ndi chimodzi. Madzi timatunga ku dambo, makilomita anayi pobwerera pali chitunda, ndipo timamwera limodzi ndi ng'ombe, zimene sizidikira pamzere. Choncho galimoto yanu isanazime n'komwe, belu la ku tchalitchi linali litalira kale. Dzuwa lisanalowe komiti inali itasankhidwa, ndipo amayi anga, a Marcelina, anakhala pulezidenti wake mopanda wopikisana nawo. Atsibweni anga a Luciano anapereka ngodya ya munda wawo pamene anyamata anu analoza, n'kuwonjezera tonde wonenepa amene ankasungira ukwati wa mwana wawo. Amuna anaumba njerwa zikwi zitatu ndi kuziotcha. Apa ndipepese m'malo mwa mudzi wonse: uvuni unafuka masiku atatu, ndipo utsi wake sitinaugwire, unangopita.

Anyamata anu ndi olera bwino. Anaona amayi akubwera ndi mchenga pamutu, anaona njerwa zikuunjikidwa pafupi ndi makina awo, anamva nyimbo zotamanda madzi, koma palibe mmodzi anasokoneza chimwemwe cha anthu ndi mawu. N'zoona, kulankhula nyama ili m'kamwa ndi mwano.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha tsiku lachisanu ndi chimodzi la kukumba. Chitsulo chitafika mametro quarenta e dois, makumi anayi ndi awiri, madzi anathovoka kupitirira msinkhu wa munthu, oyera ngati a m'botolo lomwe mumamwera pa misonkhano. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Amayi anga, amene mawondo awo amalira ngati chitseko chakale, anavina m'matope mpaka kapulana, chitenje chawo, kunyowa. A Julião, bambo anga, amene sanalirepo pamaso pa anthu chimwalirire amayi awo, anapukuta m'maso ndi chipewa n'kunamizira fumbi. Kenako anyamata anu analowetsa mpope wachitsulo, n'kuthira simenti m'mbali mwake kuti madziwo asawasokoneze, ndipo anapitiriza kukumba. Amayi atafunsa, enjinyeru wanu anangoti, "Calma, mamã, dekhani, tikufuna za pansi kwambiri." Amayi anabwerera kwa anthu awo monga mtsogoleri wodziwa zinthu, nawauza kuti madzi a pamwamba ndi a alendo odutsa, a pansi ndiye okoma. Mudzi unapitiriza kuphika milungu ina itatu. Nkhuku zinatha, nyemba zinatha, mbatata ya kachewere yochokera kwa abale athu a ku Ntengo-Wambalame inathanso. Potsiriza anyamata anu anaika chivundikiro chachitsulo, anakhoma loko wamkulu ngati chibakera, anagawa makamizola, malaya obiriwira olembedwa kuti tonse pamodzi tiziziritse dziko, n'kunyamuka. Amayi analengeza kuti anyamatawo apita kukatenga bomba, ndiyo pampu yopopera madzi.

Chachinayi ndi chachifupi. Zikomo potchukitsa banja lathu. Pa tsamba khumi ndi chiwiri la kabuku kanu kokopa ogula pali chithunzi cha mayi wovina m'matope, manja ali m'mwamba, ndipo pansi pake mwalemba m'zilankhulo ziwiri kuti anthu a m'deralo alandira ndi chisangalalo ntchito yosunga utsi. Mayi ameneyo anandibala. Sanamvepo mawu oti dióxido de carbono, dzina la utsiwo m'sayansi, koma tsopano ndiye nkhope yake ku maiko atatu.

Chachisanu, zikomo pondipatsa mayeso ovuta kuposa onse a pa univesidade. Nditapita kwathu patchuthi mu Julho, ndinapeza chikwangwani chanu chili pambali pa chivundikiro, m'Chipwitikizi cha maloya, ndipo ntchito yochimasulira inagwera ine. Ndinaima pamaso pa komiti yonse, dzina la univesidade lili pachifuwa, n'kunena kuti dzenjelo si la madzi koma loyesera ngati thanthwe lathu lingasunge utsi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wina anati maphunziro andizunguza mutu. A Luciano anandimvetsera mofatsa, poti iwo ndi katswiri wosunga mbatata m'nkhuti, dzenje limene timakwiriramo zokolola ndi phulusa kuti zifike nthawi ya njala. Funso lawo ndalibweretsa kwa inu monga analinenera: "Mphwanga, chokwirira m'nkhuti timadzafukula pa njala. Nanga utsiwo adzaufukula liti, ndipo adzadya ndani?" Nditayankha kuti sudzafukulidwa mpaka kalekale, anati ndiye kuti si nkhuti koma manda, ndipo manda sakumbidwa m'munda mwa munthu popanda kumuuza amene wamwalira. Nditafotokoza za chikalata chogulitsa, anafunsa ngati wogulayo amabwera kudzasuzumira kuti utsi ulimodi. Ndinati ayi. Apo anati anataya moyo wawo kulima fodya.

Musaganize kuti ndikunyoza sayansi, bwana. Ndaipereka moyo wanga, ndipo ndikudziwa kuti dziko likutenthadi, pakuti dambo lathu likuuma msanga chaka chilichonse. Ndikudziwanso kuti kuli malo kumene utsi ungasungikedi. Koma utsi umalowa m'mwala wa timibowo, ngati madzi m'siponji, ndipo mapiri a kwathu ndi thanthwe louma gwa, lomwe timasemera mphero. Wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri akanakuuzani zimenezi pa mtengo wa kapu ya tiyi. Inu munasankha kuzitsimikiza pokumba mametro mazana asanu ndi atatu ndi kudya tonde. Kusamala kotereku n'kosowa. Ndipo magetsi amene utsiwo ukanachokera, ndaona pa mapu anu kuti mawaya ake sadzadutsa ku Kaphande. Ife tikanalandira utsi wokha, wosasakaniza ndi kuwala.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndicho chandigwiritsa cholembera. Chidziwitso chanu chatsopano chikuti Furo 7 yapezeka yosayenera, ndipo pa 30 de Outubro idzadzazidwa ndi simenti kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuti malowo abwerere monga analili. Zikomo kwambiri. Malowo analidi opanda madzi, ndipo sitikukayika kuti mudzawabwezeretsa mokhulupirika.

Tsikuli amayi sindinawauze. Ndayesa kawiri pa foni, koma kawiri konse ndinangowafunsa za mawondo. Za utsi anamva, koma sanazilandire. Akuti anthu amene anasamba m'manja pakhomo pako ndi kudya za m'mbale yako sangakutsekere madzi, poti zimenezo ngakhale mfiti imachita nazo manyazi. Loweruka lililonse komiti imasesa mozungulira chivundikiro chanu motsata ndandanda. Anamanga mpanda kuti mbuzi zisaipitsepo. Loko wanu amamupaka mafuta ophikira kuti asachite dzimbiri. Anthu ena ayamba kunong'ona kuti a Marcelina anadyetsa mudzi wonse chinyengo, ndipo anzawo akumadambo akuwatcha pulezidenti wa chivundikiro. Iwo amangoyankha kuti bomba ili m'njira, n'kusenza chigubu cha malita vinte, makumi awiri, kukwera nacho chitunda, mawondo akulira.

Tsono, Excelência, ndi mantha ndi ulemu wonse, ndili ndi kapempho kamodzi. Thirani simenti yanu kuyambira pansi, koma muime pa mametro cinquenta, makumi asanu. Boolani mpope pamene madzi anatulukira, muikepo bomba yopopa ndi manja. Ndawerengetsa ndi aphunzitsi anga, ndipo ndi ntchito ya masiku awiri. Njerwa zilipo, mchenga ulipo, komiti ilipo ndipo yaphunzira kale ntchito pa chitsime chouma. Empreza yodziwa kugwira mphepo ndi kuigulitsa kutsidya kwa nyanja singalephere kukweza madzi amene anakwera okha.

Koma ngati n'zosatheka, poti madzi a ku Kaphande alibe chikalata chogulitsa, ndikupempha kuti pa 30 pomwepo mubwere nokha, osatuma enjinyeru, mudzawauze amayi anga ndi pakamwa panu. Musaope, adzakulandirani bwino. Adzakuyalirani mphasa, ndipo poti mlendo sapatsidwa chakudya asanasambe m'manja, padzafunika madzi. Mawondo a amayi ndawafotokoza kale, choncho adzakubwerekani chigubu ndi kukulozerani njira ya ku dambo. Ng'ombe mudzazipatse mpata, zimafika m'mawa. Za mutu wanu musade nkhawa: kamizola yanu yobiriwira ija amayi anaipinda bwino, ndipo akuti nkhata yofewa chonchi sanakhalepo nayo. Adzakupatsani imeneyo, dzina la empreza lili pamwamba.

Mudzabwerenso ndi wojambula amene anajambula amayi uja. Tsamba khumi ndi chiwiri likufunika chithunzi chatsopano.

Ine wogwada pa fumbi la mapazi anu, poti madzi osambitsira mapaziwo munakhoma,

Clementina Julião
Mwana wa pulezidenti wa komiti ya mjigo, Furo 7, Kaphande