Mchere Utasowa M'ndiwo Zanga

Nkhani iyi imandichititsa manyazi koopsa, koma poti alamu anga aifalitsa kale Odzi yonse, bola muimve kwa mwini wakene.

Ndinapuma ntchito ya njanji kalekale, ndipo ndimakhala ku Sakubva ndi akazi anga, mai Chipo. Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, pachifuwa n'kumalemera ngati pakhala munthu. Kukiliniki anandikoka magazi, koma tsiku lokatenga marizauti ndinati ine mizere ndinatopa nayo. Ndinatuma mai Chipo. Anabwera ndi mapilitsi, osanena zambiri.

Mawa lake ndiwo zinalibe mchere.

Inu obadwa dzulo simungamve. Ife makolo athu ochokera ku Dedza anatiuza kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, mwamuna wake amadwala mdulo: miyendo kutupa, chifuwa kuwawa, kenako maliro. Ndinayang'ana mbale, n'kuyang'ana mapazi anga. Ndiye kuti anathira kale kangapo, lero chikumbumtima chawagwira?

"Mchere watha?" ndinafunsa.

"Idyani," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Sabata isanathe shuga anasowa m'kabati. Botolo la mafuta linabisidwa. Sadza, nsima yakuno, inasanduka yamawere, yakuda bii, yochepa ngati ya mwana, masamba okhaokha tho m'mbale. Mai Chipo ankakhala moyang'anizana nane, chete, maso akuperekeza nthongo iliyonse mpaka kukhosi.

Tsiku lina masana ndinagona pasofa. Makatani otseka, nyumba ili zii, wailesi yomwe yozimitsa. Ndinamva chala chozizira chikudina mwendo wanga. Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Mai Chipo anali atagwada, akuyang'anitsitsa kadzenje kamene chala chasiya. Kenako anatulutsa chingwe m'thumba, n'kuchiyala pamimba panga pang'onopang'ono, n'kumanga mfundo. Ine phee, kupuma komwe ndinaleka. Ndathandiza pa maliro ambiri m'sosaite yathu, ndipo ndikudziwa munthu amene amayezedwa ndi chingwe atagona chagada.

Foni ikalira ankathamangira kuseri kwa nyumba. Tsiku lina ndinamata khutu pawindo. Mawu achimuna pafoni! Mai Chipo akunong'ona: "Sakudziwa kanthu. Ayi, pang'onopang'ono, akazindikira avuta."

Mayo ine! Zaka makumi anayi tili limodzi, lero ndathera pomwepa? Mtima unandiwawa zenizeni, ndinalira ndekha m'bafa. Chakudya chapakhomo ndinayamba kupatsa galu mobisa, ine n'kumakadya kumsika: tchipisi, soseji, mabanzi, drinki yozizira pamwamba. Miyendo inatupiratu, nsapato n'kukana. Ndinati basi, mdulo wafika pamtima.

Ndinaitanitsa nkhoswe yathu, a Phiri, achimwene awo a mai Chipo. Anakwera minibasi, ija timati kombi, kuchokera ku Odzi atavala jekete lamilandu.

"Alamu," ndinayamba, "mlongo wanu ali ndi chibwenzi. Wandidula, ndipo bokosi wayeza kale!"

A Phiri anavula chipewa. "Mlongo, zimenezi n'zoona?"

Mai Chipo analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi khadi lakukiliniki, n'kuliponya patebulo kuti phwa!

"Werengani, achimwene. Mtima watopa, matenda a shuga ali pakhomo penipeni. Anandiuza kuti mchere ndichotse, shuga ndichotse, mafuta pang'ono, ndipo ndiziona ngati miyendo ikuphwa komanso ngati mimbayo ikutsika."

"Nanga mwamuna wa pafoni?" ndinakuwa.

"Ndi nesi wakukiliniki! Anaphunzira kalasi imodzi ndi mwana wathu Chipo, amanditchula amayi!"

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Inuyo? Amene munataya mapilitsi a BP m'chimbudzi, ati dokotala wake ndi kamwana?"

A Phiri anali atagwira pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ine thukuta kamukamu, komabe ndinayesa komaliza.

"Koma kwathu mkazi akasiya kuthira mchere..."

Mai Chipo anaimirira, manja m'chiuno, misozi yaukali ili lengelenge.

"Bambo a Chipo, miyezi iwiri ndikudya zozizira limodzi nanu kuti musafe, galu yekha ndiye akunenepa! Ndikanafuna kukuphani, ndikanavutikiranji ndi chibwenzi pa mawondo angawa? Ndikanangopitiriza kukuphikirani zimene mumakonda!"

Alamu anga anagwa pampando ndi phwete, mpaka tinachita kuwapatsa madzi.

Anzanga okalamba, pa msinkhu wathu uno ndiwo zikayamba kukoma kwambiri, m'pamene muyambe kuopa.