Nkhani Yopeka Yopanda Bodza

Lolemba

Atsala masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu akulu a mpingo akhala pansi kuti aone ngati ndasiya kunama. Akandipeza woyera, ndibwerera ku mgonero ndi ku benchi langa lakutsogolo. Akandipeza ndi kabodza ngakhale kamodzi, ndikhalabe kukhomo, pa benchi la olangidwa, pamene amagona galu wa mlonda.

Mlandu wake ndi waung'ono. Mzungu watsopano wa ku mishoni anandifunsa moni waulemu wopatsa akuluakulu m'Chinyanja. Ndinamuphunzitsa kuti, "Mwauma mitu nonsenu." Iye n'kukanena pa guwa, akumwetulira. Miyezi itatu tsopano ndili ndi galu!

Madzulo ano abwera akamwini anga a Yotamu, amene amasanja zilembo ku nyumba yosindikizira mabuku. Akuti Mzungu yemweyo akufuna tinkhani tatifupi topeka, toika m'buku la ana a sukulu, koma alandira ta Akhristu a mgonero okha. Dzina langa m'buku! Ine wolekeza Sitandade 2!

Andilembera zofunika:
1. Munthu.
2. Malo.
3. Mkangano.
4. Pampondachimera, pamene zinthu zafika pothina.
5. Mathero, ndi phunziro lake.

Zisanu basi. Kumanga nkhokwe kumafuna zambiri kuposa apa.

Mayi a kunyumba sakusangalala. Akuti, "Kupeka ndi kunama ndi pachibale, wina anangopita ku sukulu. Mukandichititsa manyazi Lamulungu, mudzadya pensuloyo."

Chabwino. Ndilemba nkhani yopeka yopanda bodza. Tsiku limodzi, chinthu chimodzi. Ndalemba ndondomeko yake pachikuto cha kope kuti ndisaiwale.

Lachiwiri

Munthu.

Ndapeka mmodzi: Tomasi, wamtali, wandevu. Ndawawerengera mayi. "Tomasi wa kwa yani? Amake ndani? Anabatizidwa kuti?" Ndati kulibe. "Ndiye mwanama." Tomasi wamwalira asanamwe ndi madzi omwe. Ndamufufuta ndi chala chamalovu.

Nditenga munthu weniweni, woti aliyense akhoza kumutsina. Ndasankha a Zakeyu, mkulu wa mpingo, kalaliki wa ku nyumba ya fodya ku Limbe, amene anayamba kuimika dzanja tsiku londichotsa lija. Sikubwezera ayi. Angokhala ndi maonekedwe oyenera buku.

Ndawatsata m'mawa kuchokera kwathu ku Nkolokosa. Zimene ndaona ndi maso anga:
- Nsapato amazikoleka m'khosi mpaka pa njanji, n'kuzivala akaona anthu.
- Zikapanda kulira kwii! kwii! amabwerera pang'ono n'kupondanso.
- Avulira chipewa Mzungu wa pa njinga. Avulira dona wa m'galeta. Avulira galeta lopanda munthu.
- Mapensulo atatu pa thumba la jekete, onse osasongola.

A Yotamu akuti munthu wa m'nkhani azikhala ndi chimene akufuna ndi chimene akubisa. Chimene akufuna ndachiona: kuti amveke akubwera. Chobisa sindinachipeze.

Dzina sindilemba, ndine munthu waulemu. Ndangoti "Munthu wa nsapato zolira." Kungoti mu mpingo wathu a nsapato alipo awiri okha, winayo ndi Mzungu.

Lachitatu

Malo.

A Yotamu akuti wowerenga azimva fungo la malowo. Ndayenda mpaka ku Limbe kukanunkhiza, kuopa kunama.

Ndakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye, pambali pa mnzanga Che Ajusa, telala. Zimene zilipo:
- Fumbi.
- Fungo la fodya, la nsomba zouma, ndi la amtengatenga.
- Sitima ikutsokomola ngati ine m'mawa.
- Mzungu wina akukalipira katundu m'Chingerezi. Katunduyo sakuyankha.

Dzuwa litapendeka ndamva kwii! kwii! A Zakeyu aweruka. Lachitatu lililonse, mpingo wonse umadziwa, amapita ku Mpingwe kukapempherera odwala. Lero ndaona njira yake: imakhotera kuseri kwa sitolo, kwa amayi ena ogulitsa thobwa logona masiku anayi. Avula nsapato kuti zisawaulule. Wodwala woyamba ndi chikho. Wachiwiri ndi chikho. Wachitatu wawavuta pang'ono, koma amupempherera mpaka wauma.

Ndafunsa Che Ajusa ngati akuona zimene ndikuona. Sanakweze ndi mutu womwe pa makina. "Ife Asilamu za Akhristu sitiona, achimwene. Ine anangondiuza kuti thumba lam'kati likhale lalitali ngati botolo."

Chobisa chapezeka! Masamba atatu, opanda bodza ngakhale la udzudzu. Kulemba zoona n'kokoma, bwanji sanandiuze kale?

Lachinayi

Mkangano.

Palibe. Mudzi wonse uli zii. Anthu akupatsana moni, nkhuku zikudyera pamodzi. Nthawi zonse muno mumakhala ndewu, lero ndikuifuna yasowa.

Kupeka sindingathe. Ndiye ndadutsa pakhomo pa a Zakeyu, ndapeza akazi awo akusenda chinangwa. Ndangofunsa mwachifundo kuti odwala a ku Mpingwe akupeza bwanji, makamaka aja amakhala mumtsuko kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Sindinawonjezepo kanthu. Asiya mpeni pansi pang'onopang'ono.

Dzuwa lisanalowe mkangano wafika wokha kwa a Zakeyu. Ndakhala pachulu ndi kope:
- Mawu a mayi: ambiri, sindikwanitsa kulemba onse.
- Mawu a bambo: "Ndimvereni, amayi." Kasanu.
- Chipande chauluka. Chalasa.
- Nsapato imodzi ili padenga.

Ndabwerera wokondwa, koma ndapeza a Yotamu ali ndi malamulo atsopano a Mzungu. M'nkhani musakhale mowa. Musakhale Mzungu wosekedwa. Musakhale mkazi womenya mwamuna wake, poti ana angatengere. Akulu a mpingo azioneka abwino.

Nanga tsono? Chopeka ndi tchimo, choona ndi choletsedwa. Ndachotsa m'maganizo zonse zoletsedwazo kuti ndione chotsala. Latsala fumbi ndi sitima.

Mayi andipatsa chakudya osandiyang'ana.

Lachisanu

Pampondachimera.

M'mawa wonse ndadziguguda mutu. Ndipapeza kuti? A Yotamu akuti pamabwera pokha ngati zinazo waziika bwino.

Pabweradi, pavala jekete. A Zakeyu sanapite ku ntchito, ali ndi chotupa pachipumi ngati dzira la bakha. Abwera ndi akulu ena awiri, a Mose ndi a Yesaya, ati kudzaona mmene moyo wanga wauzimu ukuyendera. Maso a a Zakeyu agwera pachikuto cha kope, pa ndondomeko yanga ija: "Lachisanu: pampondachimera."

"Mwaona abale? Akuponda chimera! Akufulula mowa sabata yomweyi ya kulapa!"

Ndayesa kufotokoza kuti ndi chimera cha m'buku. A Mose akuti chimera ndi chimera. Asuzumira mumtondo, m'mitsuko, m'nkhokwe, mpaka m'khola la nkhunda. Apeza nkhunda.

"Umboni uli m'kopemu," atero a Zakeyu. Atsokomola, aimirira bwino, ayamba kuwerenga mokweza. Amakonda kuti anthu amve kuti amatha kuwerenga. Fumbi awerenga bwino. Sitima awerenga bwino. Pa "Munthu wa nsapato zolira" mawu ayamba kuchepa. Pa wodwala woyamba aima.

"Pitirizani," atero a Yesaya. "Anachira?"

Sanapitirize. A Mose alanda kope, akuti likaonedwa Lamulungu. Apita atandondozana, nsapato zili chete.

Mayi akhala pa mtondo, agwira tsaya. Ine ndikulemba izi kuseri kwa mapepala akale a fodya. Koma kunena zoona, pampondachimera pabwino chotere sindikanapapeka.

Loweruka

Mathero. Ndilibe kope, ndilibe mathero.

Masana abwera a Zakeyu okha, wapansi, chipewa kumanja. Andivulira ine chipewa! Anditchula "achimwene." Akuti, "Mawa akakufunsani, mungoti zonse zija n'zopeka, nkhani chabe ya ana a sukulu. Ine ndiimika dzanja kuti mubwerere kutsogolo. Tonse tipulumuka."

Ndiye zili chonchi:
- Ndikanena zoona, ndanyoza mkulu wa mpingo. Benchi la galu.
- Ndikanama, ndine Mkhristu wabwino. Benchi lakutsogolo.

Mboni ndilibe. Che Ajusa akuti umboni wa Msilamu ku tchalitchi saulandira, ndiponso ali ndi mabatani oti asoke.

Ndafunsa mayi. Ndimayesa anena za Malamulo Khumi. "Namani! Zaka zonsezi mwakhala mukunama ulere, lero bodza lapeza ntchito mukuchita manyazi? Ndatopa kukhala ndekha kutsogolo ngati wamasiye."

A Yotamu akuti olemba enieni amangosintha dzina ndi nsapato, n'kunena zoona zonse, ndipo palibe amawagwira. Akundiuza lero! Lolemba anali kuti?

Ndayeseza pamaso pa nkhunda: "N'zopeka. N'zopeka." Lilime likulemera. Masiku asanu okha osanama, luso lachita dzimbiri.

Lamulungu

Mapemphero asanayambe, m'kachipinda ka akulu. Mzungu pampando, kope langa patebulo. A Mose afunsa: "Zolembedwazi n'zoona kapena n'zopeka?"

"N'zopeka."

A Zakeyu apuma mpweya wautali. A Mose awerenga masamba ndi chala. "Ndiye kuti sabata ya kulapa mwalemba mabodza masamba asanu ndi awiri."

"Ayi, ndiye n'zoona!"

"Ndiye kuti mwanama pompano, pamaso pa akulu."

Miyezi ina itatu. Aimika manja onse. Mzungu watenga kope kuti akalisunge, ndipo potuluka ndamumva akutsokomola modabwitsa kuseri kwa chitseko. Wandiitana "iwe," wati Chinyanja changa n'chokoma, koma sichisindikizika.

Ndakhala pamalo panga. Galu wandisunthira osadandaula, wandizolowera. Mayi ali kutsogolo okha, khosi lili gwa.

Nyimbo yoyamba ili mkati, wina wakhala pambali panga. A Zakeyu! Akazi awo analowa m'kachipinda ndi botolo la m'thumba lam'kati, osaitanidwa. Miyezi isanu ndi umodzi. Nsapato aziika pansi pa benchi, galu akuzinunkhiza.

Tayimba kuchokera m'buku limodzi. Ulaliki uli pakati andinong'oneza: "Koma chipande chija munalakwitsa. Chinali chikuni."

Poweruka a Yotamu akuti zina zonse zakwana, langotsala phunziro. Ndaganiza njira yonse, phunziro silikubwera. Pensulo yatsala ngati chala cha mwana, ndipo mayi aiika m'mbale yanga, pambali pa ndiwo.