Mmene Ndinafukizira Ndalama ya Siliva pa Khonde ku Embakasi

Mpaka tsiku limene ndinanyamuka ku Nairobi, kunyumba kwa mwana wanga ankandibisira machesi. Palibe anandiuza, koma munthu wamkulu amadziwa. Ukafunsa machesi n'kukuyankha kuti "mukufuna chiyani bambo, tikuchitireni," dziwa kuti mbiri yako yaipa.

Ine ndine mlimi wa fodya wa chikopa, kwathu ndi ku Dowa. Sukulu ndinalekezera sitandade 3 ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa omaliza masukuluwo ndi omwe ankabwera pachigafa panga kudzafunsa kuti tsamba ili ndi giredi yanji. Mtundu wa tsamba ndimaudziwa ine. Ndikaliyang'ana ndimadziwa ngati lakhuta utsi kapena lapsa mtima. Zimenezi muzisunge, chifukwa n'zimene zinandipweteka.

Ku Nairobi anandipititsa ndi maso. Ng'ala inali itandiphimba, moti mwana wanga Esnart ndi amuna ake, a Mbewe, amene amagwira ntchito kubungwe lina ku Upper Hill, anandiitanitsa kuti madokotala akandipale. Ndege analipira akamwini. Chipatala akamwini. Ngakhale masilipasi amene ndinkavala m'nyumbamo anali a akamwini. Amalawi a kutchalitchi kwawo nawonso ankabwera kudzandizonda, wina nthochi, wina mkaka, wina pemphero lalitali. Zinali zabwino, koma tsiku lililonse ndinkamva ngati ndikufupika. Moyo wanga wonse ine ndakhala wopatsa. Kulandira kokhakokha kumatopetsa kuposa khasu.

Ndiye Lamulungu lina, maso atatseguka, titatuluka m'mapemphero, ndinaima pabwalo n'kunena kuti ndisanabwerere kumudzi onse adya mbuzi, ndipo mbuziyo ichokera m'thumba mwanga, osati mwa akamwini. (Mawu anga sadziwa kunong'ona. Ndikuganiza kuti ndi Akenya omwe a kutsidya kwa msewu anamva.) Anthu anaomba m'manja. Banja lina la ku Kitengela, limene lili ndi bwalo lalikulu, linati phwandolo likachitikire kwawo. Esnart anandiyang'ana mwakachetechete, chifukwa ndi iye amachapa zovala zanga ndipo amadziwa kuti m'thumbamo munali mpango ndi mankhwala a m'maso basi.

Komatu ine sindinalankhule ngati wamisala. Ndinali ndi kanthu. Bambo anga atabwera kuchokera kumigodi ku Joni anabweretsa ndalama yachitsulo yaikulu, ya siliva, ya mashereni asanu, mbali ina kuli mutu wa mfumu yachizungu, mbali ina kanyama kangati insa kakudumpha. Anandipatsa tsiku la ukwati wanga. Malemu akazi anga anaikulunga m'pepala la shuga n'kuigoneka pansi pa bokosi la zovala, ndipo inagona pomwepo zaka zonse za banja lathu. Iwo atatisiya ndinangoitenga ndi pepala lake lomwelo n'kuiika m'thumba la m'kati mwa jekete. Kutsegula sindinatsegule, poti maso ake oonera ndinalibe.

Madzulo ake ndinaifutukula patebulo. Ndinadabwa. Mbali ya kanyama ija inali itasintha: m'mphepete mobiriwira, m'kati mofiirira, kwina ngati golide, ukaipendeketsa imasintha ngati khosi la nkhunda. Mbali ya mfumu inali yotuwa wamba. Ndinati dzimbiri lalowa, n'kuitanitsa phulusa kuti nditsuke. Akamwini, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu, anadumpha pampando n'kundigwira dzanja. Anati kuli anthu amene amasonkhanitsa ndalama zakale, ndipo ena mwa iwo amalipirira mtundu umenewu kuposa ndalama yeniyeniyo.

Loweruka anandiperekeza m'tauni, kukashopu kena kapamwamba, kokwera masitepe mpaka mawondo kudandaula. Mwini wake anali mayi wa ku Kenya konko, wa magalasi aakulu. Anavala magolovesi oyera, n'kuigwira ndalama yanga m'mphepete ngati wagwira dzira la njiwa. Anaiyang'ana ndi kagalasi, kuipendeketsa pansi pa nyale, kuitembenuza, kuipendeketsanso. Kenako anayamba kufotokoza, akamwini akumasulira. Anati mtengo wa ndalama yakale amauona pa zinthu zingapo: ngati ili yosowa, ngati yaperepeseka, ndiponso maonekedwe ake. Anati ndalama za mtundu uwu zilipo zambiri, yanga sinali yosowa ayi, koma inali isanayende m'manja kwenikweni, ndipo mtundu wa mbali imodziwo ndi umene unali ndi mtengo. Atatchula mashilingi ake, akamwini anandinong'oneza kuti imeneyo ndi mbuzi yabwino, yonenepa, ndi makala ake omwe.

Mayi uja anapitiriza kulankhula. Ndikukumbukira kuti analoza mbali yotuwa ija n'kunena zinazake, ndipo akamwini anayamba kumasulira. Koma ine ndinali nditayamba kale kuwaphunzitsa onse awiri za magiredi a chikopa, mmene ogula amanunkhizira tsamba kuokushoni, ndi mmene ndinamugonjetsera wogula wina wamwano. Ndikayamba nkhani imeneyi sindimva munthu. Pomaliza ndinatenga ndalama yanga n'kunena kuti ndikaganize kaye, chifukwa mlimi weniweni savomera mtengo woyamba.

Pobwerera m'minibasi, imene kumeneko amati matatu, mutu wanga unali pantchito. Ngati mbali imodzi ili mbuzi, mbali ziwiri ndi mbuzi ziwiri. Apa sipafunika sukulu. Komanso chinthu china chinkandiwawa ngati mlimi: belo losakaniza masamba, ena okhwima ena otuwa, kuokushoni amalibweza. Katundu wabwino amafanana ponseponse. Ndinaona kuti mayi uja wandidula mtengo chifukwa katundu wanga anali wosamalizika. Nanga chimene chimapatsa chinthu mtundu n'chiyani? Utsi. Nanga mwini utsi m'Nairobi monse ndani?

Lolemba onse atapita kuntchito, ndinamanga chigafa. Nyumba yawo ku Embakasi ndi ya m'mwamba, ili ndi kakhonde kakang'ono koyanikapo zovala. Ndinatenga katoni ya mafuta ophikira, kuiboola pamwamba, kupingasa waya m'kati ngati mkangala. Mbali yokongola ija ndinaimata dothi la mumphika wa maluwa a Esnart kuti utsi usaikhudze. (Onani kuti ndinaganiza bwino. Chitsiru sichikanamata dothi.) Ndinapachika ndalama pawaya, kukoleza makala pang'ono pambaula, imene kumeneko amati jiko, n'kuvundikira katoni pamwamba. Za utsi ndinakatola tizidutswa ta matabwa ndi utuchi kwa kalipentala wa panja pa geti, n'kuthyolako masamba aawisi a mpanda.

Poyamba zinkayenda. Nditasuzumira ndinaona nkhope ya mfumu yayamba kuchita chikasu. Chikopa timachifukiza masiku ambiri, moto wapansipansi, ndipo ine ndakhala ndikukalipira anyamata ofulumira moyo wanga wonse. Koma Esnart amaweruka 5 koloko. Ndinawonjezera utuchi. Ndinawonjezera masamba. Ndinagula ndudu zingapo pakagolosale n'kuzinyenyera momwemo, kuti ndalama imveko fodya weniweni.

Utsi umene unatuluka sunali utsi wa kwathu. Matabwa a kalipentala uja anali a guluu ndi penti. Unakwera wakuda bii, n'kulowa m'mashiti oyera a aneba a pamwamba. Mayi wa pamwambapo anayamba kukuwa m'Chiswahili, ine n'kumuyankha m'Chichewa kuti adekhe, ntchitoyi ndimaidziwa. Tili m'kati mokambirana choncho, aliyense m'chilankhulo chake, katoni inagwira moto. Waya unagwa. Ndalama inagwera pakati pa makala.

Mlonda wa pageti anafika akuthamanga ndi ndowa, akungoti "mzee, mzee," n'kukhuthula madzi pambaula, pa ine, ndi pa maluwa. Nditaivuula ndalama ija, dothi linali litapsa n'kuuma ngati njerwa. Ndinalikokota ndi mpeni wa anyezi. Pansi pake panalibenso khosi la nkhunda. Mbali zonse ziwiri zinali zakuda ngati kunsi kwa poto. Zinafanana, inde.

Apa munthu wanzeru akanaima. Ine ndinaganiza kuti mtundu uja wabisala pansi pa mwaye, ndiye ndinatenga phulusa lomwe lija akamwini anandiletsa, n'kukwecha. Ndinakwecha mpaka inawala ngati supuni. Mtundu sunapezeke.

Esnart atafika anapeza khoma lakuda, maluwa ogona, ndi mayi wa pamwamba akumudikira pamasitepe ndi mashiti m'manja. Sanandikalipire. Anatola pepala la shuga lija, limene linali litanyowa pansi, n'kuliyanika pawindo mosamala. Kenako anati, "Amayi ankaitulutsa chaka chilichonse pa Khirisimasi, kungoisuzumira n'kuibwezera mmene inagonera. Ankati musadziwe kuti yakongola chonchi, mungaigulitse."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinakhala chete, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti si kawirikawiri.

Tinabwererabe kwa mayi wa magalasi uja, poti tsiku la mbuzi linali litayandikira. Ulendo uno magolovesi sanavale. Kagalasi sanatenge. Anainunkhiza, n'kundiyang'ana, n'kuiponya pasikelo ngati nyemba. Ndipo poti tsopano ndinali chete, ndinamva zimene akamwini ankafuna kumasulira tsiku lija. Mbali imodzi yokha kukhala ndi mtundu sichinali chilema. Ndi umboni umene ogula amaufuna, wosonyeza kuti ndalamayo inagona malo amodzi, chafufumimba papepala limodzi, zaka zambiri, popanda woivutitsa. Anati mtundu wopangira amauzindikira msanga, ndipo ndalama yokwechedwa imangotsala ndi mtengo wa siliva wake. Mtengo wa siliva wake unali nkhuku imodzi yachikuda.

Ndakhala ndikuganiza za zimenezi. Ine ndinkayesa kuti mayiyo akugula mtundu, ndipo mtundu ndi ntchito ya manja, munthu waluso akhoza kuufulumizitsa. Koma iye ankagula zaka. Ankagula kusagwiragwira kwa akazi anga, amene ankadziwa kusuzumira chinthu n'kuchisiya. Luso limenelo ine ndinalibe, ndipo m'nyumba mwathu sindinkaliwerengera ngati luso.

Pamasitepe potsika, akamwini anati ndiwagulitse iwowo ndalamayo pamtengo wa mbuzi, poti kwa iwo ndi chikumbutso cha apongozi awo. Ndinadziwa kuti ndi chisoni chovala jekete. Ndinawapatsa ulere, n'kuwauza kuti asunge ya adzukulu. Nkhuku ndinagula pogulitsa wotchi yanga kwa mlonda uja, amene ankaiyang'anitsitsa kuyambira tsiku limene ndinafika.

Tsiku la phwando ku Kitengela ndinatsika galimoto nditapanira thadzi langa m'khwapa, ndipo ndinapeza mbuzi ili kale pamoto. Akamwini anandikokera pambali.

"Bambo, palibe akudziwa. Inu munalonjeza mbuzi, mbuzi ndi iyo. Ingolandirani zikomo."

Kunena zoona ndinayesedwa. Mkulu wa mpingo anali ataimirira kale, akunena kuti masiku ano akuluakulu osunga mawu awo ndi ochepa, ndipo onse anatembenukira kwa ine akuomba m'manja. Zinkakoma. Ndikanangogwedeza mutu, ndikanabwerera ku Dowa ndili wamtali ngati kale. Koma ndinabwera kudzathokoza munthu amene anandibwezera maso, ndiye ndimuberenso mbuzi yake pamaso pa anthu?

Ndinaimirira n'kunena kuti mbuzi imene akudyayo ndi ya a Mbewe, monganso ndege, chipatala ndi masilipasi. Yanga ndi nkhuku iyo yamangidwa pampandayo, ndipo amene akufuna kulawa za m'thumba mwanga afole mwadongosolo, chifukwa miyendo ilipo iwiri yokha. Kenako ndinawafotokozera zonse, katoni, ndudu, mayi wa mashiti. Anaseka mpaka amayi ena kupukuta misozi ndi zitenje. Akamwini anangoyang'ana pansi, koma Esnart anadzandikhalira pafupi n'kundiikira chiwindi cha mbuzi m'mbale, chimene kwathu amapatsa mwini phwando. Nkhukuyo anaiphika, ndipo anthu anaumirira kuti aliyense alaweko, ngakhale kamsuzi kokha.

Chakumadzulo anandipeza bambo wina wa ku Ntcheu, wogwira ntchito kubwalo la ndege. Anati nayenso ali ndi ndalama yakale ya agogo ake, yayamba kusintha mtundu, ndiye popeza ine ndadutsamo ndimulangize. Ndinamuuza ndi mtima wonse kuti asaitsuke, asaipukute, asaiyandikize pamoto, aibwezere pamene inagona ndipo aiwale kuti ili ndi mtengo. Anathokoza kwambiri.

Kenako, sindikudziwa kuti zinachokera kuti, ndinamva pakamwa panga pakumufunsa ngati angathe kupeza nkhuni za msuku kuno ku Kenya, zouma bwino, zopanda penti. Esnart anandigwira mkono n'kunena kuti galimoto ikunyamuka.