Ndinapereka Sadaka Dimba la Apongozi

Pali zinthu zina munthu umalankhula pagulu, n'kumva mawu ako akutuluka, koma osatha kuwabweza. Zanga zinathera m'matope ofika m'chifuwa.

Zinali zaka zija nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu akuwoloka malire ndi mitolo pamutu. Ine ndinali nditangochoka kwathu ku Chowe kukakhala chikamwini pafupi ndi Namwera, kwa mkazi wanga Asiyatu. Othawa nkhondo ambiri ankangokhala m'midzi mwathu momwemo, poti ChiYao chathu n'chimodzi.

Lachisanu lina titatha kuswali, Shehe anaimirira n'kunena kuti sadaka si ndalama zokha. Wachimanga apereke chimanga, wambuzi apereke mbuzi, ndipo amene ali ndi malo ongokhala abwereke alendowa adzilimire okha, chifukwa munthu wozolowera khasu sakondwa kuima pamzere wa ufa. Anthu anayamba kulonjeza. Uyu thumba la nandolo, uyu nkhuku. Mkulu wina wosauka zedi anapereka mtengo wake wa mango, kuti zipatso zonse za chaka chimenecho adye ana a alendo. Mtima wanga unatentha. (Ndinalinso nditavala mkanjo watsopano, ndipo mkanjo watsopano sukonda kukhala pansi.) Ndinangozindikira ndaimirira.

"Ine ndapereka dimba langa la kudambo!"

Mzikiti wonse unati, "Mashallah!" Shehe anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Dimbalo linali la apongozi anga aakazi. Ine ubale wanga ndi dimbalo unali wothirira mpiru akandituma, basi.

Ndinati ndimuuza Asiyatu pakudya. Nditaona kuti wasangalala, ndinati ndisamusokoneze, ndinena mawa. Mawalo kusanache bwino ndinamva "Odi!" Pakhomo panali Che Bwanali, bambo wamtali wowonda amene anathawa ndi banja lake sabata zapitazo, pamodzi ndi akazi awo, makasu obwereka ali paphewa.

"A Shehe atiuza kuti mwatikumbukira, achimwene. Mulungu akudalitseni."

Kodi inu mukanatani? Ine ndinavalanso mkanjo uja (mwini munda ayenera kuoneka) n'kuwatsogolera. Ndinawazungulitsa njira yaitali, ndikupempha mumtima kuti tipeze dimbalo litamira. Linali bwinobwino. Atandifunsa malire ndinangozunguza dzanja m'mwamba. Iwo osachedwa, makasu pansi. Ndinawalozanso pangodya pena kuti ayambe kuchotsa "thengo ilo", osadziwa kuti inali mbewu ya mbatata imene apongozi ankasunga.

Kenako ndinaona dengu likubwera pamwamba pa udzu. Pansi pa dengulo panali apongozi.

Mwambo wake mukuudziwa: mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi, ukawaona umapatuka. Tsiku limenelo ulemu ndinauchita mothamanga. Ndinalumphira kuseri kwa nthochi, kuiwala kuti kumeneko n'kumene kuli chitsime chothiririra. Phava! Ndinakhala chete m'matopemo, chule akundiyang'ana, makutu ali tcheru.

"Mwadzuka bwanji, alendo? Mukulima m'dimba mwa yani?"

"Atipatsa eni ake, mayi."

"Eni ake ati?"

"Anali pompano."

Ndinkadikira mkuwo, ndikuwerengera kuti ulendo wobwerera ku Chowe ndidzauyenda ndi kachikwama kamodzi. Koma apongozi anatula dengu n'kufunsa kuti kwanu n'kuti, ana alipo angati, mukugona pati. Che Bwanali anafotokoza kuti anasiya chimanga chitakhwima m'munda, osathyolako ngakhale chimodzi.

"Mkamwini wanga amene wakupatsani dimbali walankhula zoona," anatero apongozi, "kungoti malire sanawadziwe bwino. Dimba ili n'laling'ono, mvula ikabwera limasefukira. Nyamulani makasuwo, ndikuonetseni munda wakumtunda umene ankalima malemu bambo awo a Asiyatu. Mulime mpaka kwanu kudzazizire. Mbewu ndili nayo. Mayi, madzulo mubwere mudzatenge mbuzi ili ndi mwana ija, aang'onowo azimwako mkaka."

Za mbatata yawo yozulidwa sananene kanthu. Anangotola zingwe zake n'kupatsa akazi a Che Bwanali kuti akabzale kumtundako. Ponyamuka anatembenukira kumbali, ngati akulankhula ndi nthochi.

"Amene ali m'chitsimemo akatuluka achikape. Madzi avunduka."

Ndinachikapa. Pofika kunyumba ndinapeza Asiyatu wakhala pakhonde, misozi ili mbwee ndi kuseka. Uthenga wa apongozi unali utafika kale kudzera mwa iye: popeza ndili ndi mtima wopatsa, ndipereke chimene chili changadi, ndiwo msana ndi manja. Chaka chimenecho ndinalima mizere limodzi ndi Che Bwanali mpaka kukolola. Thumba lawo loyamba analisenza okha kupita nalo kumzikiti kuti likathandize ena ongofika kumene. Apongozi sanauzepo munthu aliyense kuti mundawo anapereka ndi iwo, moti pamene banjali linkabwerera kwawo nkhondo itatha, linkathokozabe ine.

Masiku ano ndimayamba ndafunsa. Chaka chatha ndinafuna kupereka tonde kwa ana amasiye, ndipo ndinapita kaye kwa Asiyatu mwaulemu wonse.

"Perekani, bambo," anatero. "Koma mudziwe kuti nayenso ndi wanga."