Sabata Yomangira Naphiri Sitima Yolendewera

Lolemba

Naphiri watumiza kanema kuchokera ku Joni. Kakafupi zedi. Ndakaonera kakhumi ndi kawiri, mpaka makasitomala awiri achoka pakawindo ndisanawaikire nyimbo m'mafoni mwawo.

Mabwana ake anamutengera kumalo amasewera, wakwera chinthu akuti rola kosta. Ndi sitima, koma yopenga. Njanji ili pamwamba pa mutu, mipando ikulendewera kunsi, miyendo ya anthu ili lende ngati fodya m'chigafa. Ikwera, igwa, izondoka. Mkazi wanga ali chadodolido m'mwamba mwa eni ake!

Ndipo akuseka. Apa ndiye pandipweteka. Kuseka kwake kwenikweni, kuja amamaliza ndi kutsokomola. Zaka zitatu sindinakumve. Pafoni amangoti, "Kaya kumeneko?" ine nkuti, "Tilipo," kenako tonse zii.

Akuti Lamulungu, tsiku lake lopuma, andiuza ngati abwera pa Khirisimasi.

Tsono tamverani mwayi. Laputopu yanga yakaunjika, yomwe ndimaikira anthu nyimbo pano pa Nsaru, ili ndi pulogalamu imene mwini wake woyamba anasiya. Ndinkayesa ndi ya oyeza malo. Lero ndaitsegula: ndi yomangira masitima omwewa! Umayala njanji, umaimika mizati, kenako umakhala pampando nkukwera, zonse pagalasi.

Pulani:
1. Kumanga sitima yolendewera, yeniyeni, yoti injiniya ataiona avule chipewa.
2. Kuimanga pamudzi pathu. Pamudzi pawo, tinene zoona, ine ndine mkamwini chabe.
3. Kumukweza Lamulungu pafoni ya kanema, mpando wakutsogolo.
4. Aseke. Akaseka, abwera.

Ndayamba ndi mudzi. Nyumba za m'pulogalamumu n'zachizungu zokhazokha, ndiye ndikupanga zathu ndi mabokosi. Yathu, ya apongozi, chigafa, mjigo, msewu wochokera pa siteji. Mtengo wa mango mulibe. Ndabzala paini paliponse pali mtengo.

Lachiwiri

Zomwe ndaphunzira lero:

Sitimayi ilibe injini! Tcheni chimaikokera pamwamba pa chitunda choyamba, basi. Kuchoka apo imayendera liwiro lomwe yatenga potsetsereka, ngati njinga yoduka tcheni. Ukaliwononga panjira, palibe wokukankha.

Pulogalamu imapenta njanji. Pobiriwira, okwera ali bwino. Pachikasu, akukumbuka machimo awo. Pofiira, magazi achoka kumutu, akomoka.

Ndapinda njanji kukhala nkhata yoti sitima izondokeremo. Yozungulira bwinobwino ngati limu la njinga, ndanyadira. Kuyesa: yofiira psuu, yonse. Ndakomola anthu makumi atatu ndi awiri teni koloko isanakwane. Ndachepetsa nkhata, akomokanso. Ndakulitsa, sitima yabwerera chambuyo. Kumasana ndi pomwe ndatulukira kuti nkhata isakhale yozungulira, ikhale ngati dzira loimika. Ndani akanadziwa? Tsopano ndi yachikasu. Chikasu ndalola.

Vuto lina: sindinakwereko chinthu chotere. Choopsa chomwe ndinakwerapo ndi lole ya fodya yopanda mabuleki kutsetsereka ku Msundwe. Munthu sungamange chomwe thupi lako silikuchidziwa, eti? Ndiye pofika kunyumba ndalowa m'chigafa, ndakoleka mawondo pamtanda, mutu pansi. Ndikuona dziko mmene analionera Naphiri.

Ndikuonanso mapazi a apongozi.

Apongozi salankhula nane maso ndi maso, ndiwo mwambo. Akakhala ndi mawu amauza nkhuku. Atembenukira kumbali, akuti: "Nkhuku inu, kauzeni anthu kuti mtanda umenewo ndi wa fodya. Kapena akufuna aume tikawagulitse ku okushoni?"

Ndatsika mwaulemu wonse womwe munthu wozondoka angakhale nawo. Bondo latupa.

Lachitatu

YAYENDA!!

Ulendo wake: kukwera kuseri kwa chigafa, kugwa chamutu kulunjika kudimba, nkhata yoyamba, kupotoka ngati chingwe pamwamba pa nyumba, nkhata yachiwiri pamjigo, kukhota, nkhata yomaliza, kufika pakhomo pathu penipeni. Pofiira palibe. Mizati ndaimika yokwanira, mapazi sakugunda denga la munthu, ndayeza.

Nkhata yomalizayo ndaikopera m'kanema wake. Ndi pomwe amayambira kuseka.

Pakawindo padzaza anthu. Wakabaza wina wagwira mafelemu a chitseko, akukuwa kuti ndimutsitse. Mayi wogulitsa mandasi wathawa atatseka pakamwa. Ndikumva ngati ndagula basi.

Kenako atulukira atsibweni ake a Naphiri, eni mbumba, omwe anandilandira pamudzi paja. Abwera kudzaikitsa nyimbo za kwaya. Ndawapatsa mpando, ndawakweza. Chipewa aika pabondo. Tili pakati popotoka, akweza dzanja.

"Taimitsani. Denga ilo ndi la yani?"

La apongozi, ndatero.

"Nanga mapazi akulendewerawo?"

A wokwera.

"Wokwera ndinu. Mapazi a mkamwini pamutu pa apongozi ake! Bambo, munakulira kuti?"

Ndayesa kunena kuti ndi za m'kompyuta chabe. Akuti mwano ndi mwano ngakhale uutsekere m'botolo. Achoka osatenga nyimbo zawo.

Ndakhotetsa njanji kulambalala nyumba ya apongozi. Ngodya ziwiri zatsopano. Ngodya iliyonse ikudya liwiro. Sitima ikumalizabe ulendo, koma pa nkhata yomaliza ikupuma wefuwefu.

Naphiri watumiza uthenga: "Mwadya?" Ndayankha kuti eya. Ndimafuna kulemba zambiri. Ndalemba, ndafufuta.

Lachinayi

Nkhani yafika pamudzi ine ndisanafike. Ena akuti ndikubweretsa njanji ndipo anthu asamutsidwa. Wina wandipeza pamsewu kudzapempha ntchito ya ulonda.

M'mawa ndikupopa njinga, nkhuku zalandiranso uthenga: "Nkhuku inu, mwana wanga ndinamulera ndi manja awa. Akamuzondotse pamjigo, chitenje chipite kumaso, mudzi wonse uli pamzere ndi zidebe?"

Ndangoyang'ana pampu. Zoti m'kanema muja mwana wawo wavala thalauza sindinanene. Ndimafunabe kukhala pamudzi pano.

Nkhata ya pamjigo ndachotsa.

Madandaulo ena a lero:
- Atsibweni: isadutse padimba lawo, phokoso lingathothole maluwa a tomato.
- Mwini golosale: bwanji ilibe siteji pakhomo pake?
- Mlamu wanga wamkazi: bwanji nyumba yake ndi kabokosi kakang'ono kuposa ya mng'ono wake?

Kabokosi ndakakulitsa. Siteji ndakana, si minibasi iyi. Dimba ndalambalala.

Anthu awa sadziwa kuti kusuntha kachidutswa kamodzi ka njanji kumapotoza zonse za kutsogolo ndi kumbuyo. Ukonza apa, apo pafiira. Tsiku lonse ndili kukoka timadontho ndi mbewa ya kompyuta, maso akuwawa, nyimbo sindinaikire aliyense.

Mkamwini sakhala ndi malo pamudzi, ndinkadziwa. Sindinkadziwa kuti ndi m'mwamba momwe.

Njira yatsala imodzi yokha yopanda mwini: kutsata msewu wochokera pa siteji, m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda. Ndi yowongoka, sidya liwiro. Ndayala njanji. Ndiyesa mawa.

Bedi lakula masiku ano. Ndamusowa mkazi wanga, ndilembe poyera, bukuli silikauza munthu.

Lachisanu

Ndayesa.

Kunena za uinjiniya, palibe chovuta. Pobiriwira ponseponse. Sitima ikudutsa m'mphepete mwa manda ngati mphepo, ikulowa nkhata yomaliza ndi mphamvu, ikutuluka, ikufika pakhomo. Aka n'koyamba sabata ino kuyenda bwino chotere.

Koma ine ndatuluka panja, ndakhala pa benchi.

M'nkhalango imeneyo muli Tadala wathu. Anali ndi zaka ziwiri. Malungo, masiku atatu. Patangopita miyezi inayi Naphiri anakwera basi ya ku Joni, akuti akagwire ntchito pang'ono. Ine tsiku lililonse ndikafika pamenepo ndimatsika njinga nkuyenda pansi, monga achitira aliyense wa pamudzi, koma ine ndimachedwerapo pang'ono.

Ndiye lero ndadutsapo ndi liwiro la galimoto, miyendo m'mwamba, anthu a m'kompyuta akukuwa ndi chimwemwe. Ndi mitengo ya paini yomwe ndinabzala ndekha Lolemba. Ndikudziwa. Mtima sukudziwa.

Atsibweni sananene kanthu pa ichi, sanachione n'komwe. Nkhuku sizinatumidwe. Ndaika ndekha mabuleki. Sitima ikafika pa mtengo woyamba ikuchepetsa, ikuyenda ngati munthu wokankha njinga, mpaka mtengo womaliza.

Kenako ikupeza nkhata yomaliza patsogolo pake, liwiro lilibe. Ikwera pang'ono, iganiza, ibwerera. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Yaima. Anthu makumi atatu ndi awiri ali lende pakati pa manda ndi nyumba yanga.

Wakabaza uja wasuzumira pakawindo: "Mafuta atha, bwana?"

Loweruka

Tsiku la msika. Ndapachika chikwangwani: LERO NYIMBO KULIBE.

Zomwe ndayesa:
1. Kutalikitsa chitunda choyamba. Chofiira. Onse akomoka asanafike ndi pa nkhata yoyamba pomwe.
2. Kuchepetsa nkhata yomaliza. Yasanduka ngati chibangili, makosi athyoka.
3. Kuika tcheni chachiwiri kupitirira manda. Ikukwera, koma pang'onopang'ono ngati ngolo ya mchenga. Palibe angaseke pamenepo, mwina kuyasamula.
4. Kuchotseratu nkhatayo. Ndiye ndamangiranji? Ndi pomwe amasekera.
5. M'pulogalamu muli pena pomwe ungauze mawilo kuti asamakhuzane ndi njanji, sitima izingouluka. Ndayang'anapo nthawi yaitali. Ndi bodza limenelo. Ndinati yeniyeni.
6. Kupemphera.

Chachisanu ndi chiwiri: kuchotsa mabuleki. Kudina kamodzi kokha. Ndadina. Ndakwera nditatsinzina kuyambira pa mtengo woyamba. Yayenda bwinobwino mpaka pakhomo.

Ndawabwezera.

Ndawachotsanso. Ndawabwezeranso. Laputopu yatentha moti ungakazingirepo mtedza.

Madzulo ndapeza mbale ya maungu pakhonde. Apongozi akusesa chapatali, akuuza nkhuku kuti anthu ena akuonda, mwana wawo angadzati sitinkawapatsa chakudya. "Angadzati." Ndiye kuti nawonso akudikira.

Malaya a mawa ndasita. A buluu, omwe ananditumizira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Thuu koloko foni yalira.

Naphiri wanenepa pang'ono. Tsitsi waluka mwatsopano. Ndamuuza kuti ndili ndi chinthu, akhale bwino, agwiritse. Ndalozetsa foni pagalasi la laputopu.

Tcheni chikukoka. "Kodi chimenecho si chigafa chathu?" Ndi chomwecho. "Nanga paini wachokera kuti?" Ndati adikire.

Yagwa. Wakuwa! Nkhata yoyamba, wakuwanso. Polambalala nyumba ya amayi ake wafunsa chifukwa chake njanji yakhota chonchi, ndamuuza za mapazi a mkamwini. Waseka. Osati kuja kotsokomola, koma kunali kukubwera, ndinakumva kuli panjira.

Kenako msewu wa pa siteji. Mtengo woyamba. Mabuleki.

Sitima ikuyenda pang'onopang'ono, mitengo ikudutsa umodziumodzi. Mufoni muli zii, mpaka ndayang'ana ngati netiweki yathawa. Ayi, alipo. Wagwira pakamwa.

Sitima yayesa nkhata yake, yabwerera, yaima pomwe imaimira.

"Mwaikapo mabuleki."

Eya.

"Mwachita bwino, bambo a Tadala."

Zaka zitatu sananditchule choncho.

Ndafunsa za Khirisimasi. Wapukuta m'maso ndi nsonga ya bulauzi. "Chaka chino ayi. Si inu, musaganize kuti ndi inu. Kungoti ndikatsika pa siteji, msewu ndi womwewo. Ulibe kokhotera."

Tacheza pang'ono za mbewu ndi za bondo langa. Mabwana ake amuitana.

Laputopu ndatseka osakonza kalikonse. Ndavula malaya a buluu, ndavala akumunda, ndapita kukayendera kuseri kwa mudzi. Njira ina ilipo. Ukatsikira pa siteji ya kumtunda, umadzera m'munda wa atsibweni, kuwoloka dambo, nkutulukira kuseri kwa chigafa. Manda suwaona n'komwe. Koma mu Disembala madzi pamenepo amafika m'chiuno.

Mu Juni kumauma.

Ndamulembera choncho. Timizere tiwiri tasanduka tabuluu, wawerenga. Sanayankhe.