Maere a m'munda wa apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti satifiketi ili kale pakhoma, lero ndiulule. Museke pang'ono chabe, anzanga a m'kalasi anandiseka kale mokwanira.

Ine ndi masamu sitinamwerane madzi chiyambire. Ku sekondale aphunzitsi akamalemba pa bolodi, ine ndinkawerenga malata a denga. Ndiye nditakula, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, kalabu yathu ya alimi a fodya inanditumiza ku maphunziro a Loweruka ku boma kuti ndidzakhale mlangizi. Zinkayenda bwino mpaka tsiku limene analowa mayi wina wamagalasi n'kulemba kuti sitatisitikisi (dzina lokhalo ndinaliyeserera sabata yathunthu). Anatiuziratu kuti wolephera phunziro limeneli, za satifiketi aiwale.

Mwamwayi mayiwo ankaphunzitsa ngati akucheza. "Simungayeze fodya yense m'munda," anatero. "Mumatengako pang'ono n'kupeza avereji. Koma posankha musatsate maso kapena mtima. Lembani manambala a mizere pa timapepala, ponyani m'chipewa, chitani maere." Apa ndinamva bwinobwino, mpaka ndinagwedeza mutu kuti aliyense aone. Ntchito inali yoti tikayeze kutalika kwa tsamba limodzi pa mzere uliwonse, mizere makumi atatu.

Vuto linali munda. Wanga chaka chimenecho ndinadzala soya, choncho ndinapempha wa apongozi anga aakazi, kuno kufupi ndi Mtunthama. Ine ndine mkamwini, ndipo kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mawu onse amadzera mwa mkazi wanga, Naphiri.

Tsikulo ndinalawirira ndi tepi yobwereka kwa telala, Naphiri atanyamula chipewa. Kapepala koyamba kanagwera mzere wa kumunsi, kufupi ndi dambo, kumene madzi anadikha fodya n'kupinimbira. Ndisanawerame n'komwe, ndinamva kutsokomola kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya.

"Naphiri," anatero apongozi atatifulatira, "uwafunse bambo a Chisomo, zimene akulembazo zikupita kuti?"

"Kusukulu, amayi. Ku boma."

"Ku boma! Ndiye anthu ophunzira akaone nyansi zimenezo, azikati munda wa yani? Uwauze akwere kuchulu."

Ndinamunong'oneza Naphiri kuti awafotokozere za maere. Iye anangondiyang'ana n'kuti, "Kawauzeni nokha." (Inu amene muli pa chikamwini mukudziwa kuti pamenepo nkhani inali itatha.) Ndinapinda chipewa n'kukwera kuchulu, kumene fodya anali wobiriwira, wondipitirira msinkhu. Masamba onse makumi atatu ndinayeza pomwepo. Apongozi anakondwa mpaka ananditumizira chimanga chootcha, ndipo kunena zoona nanenso ndinakondwa.

Avereji ndinaiwerengera katatu pa kalikyuleta, yankho likubwera limodzimodzi. Loweruka ndinavala malaya opitira kutchalitchi n'kukaima kutsogolo kwa kalasi. Nditangolemba yankho pa bolodi, bambo wina wa ku Simlemba, amene wakalambira mu fodya, anafunsa, "Adada, mwayeza fodya kapena nthochi?"

Aphunzitsi anatsitsa magalasi. "Masamu anu ali bwino," anatero. Mtima wanga unadumpha, chifukwa mawu amenewa ndinali ndisanawamvepo chibadwire. "Koma mizere munasankha bwanji?"

"Mwa maere, madamu."

"Anatola timapepala ndani?"

Kunama kachiwiri kunandikanika. "Kwenikweni," ndinatero, "analoza ndi apongozi."

Phwete limene linaphulika pamenepo sindidzaliiwala. Amuna ena ankaseka uku akupukusa mitu mondimvera chisoni, ndinadziwa kuti amenewo ndi akamwini anzanga. Aphunzitsi atapukuta misozi anandipatsa sabata imodzi: kubwereza ntchito, apo ayi kubwereza chaka.

Ndinafika kunyumba nkhope ili pansi. Amene anandipulumutsa ndi Naphiri. "Amayi angakane dzanja lanu," anatero, "koma lawo sangalikane." M'mawa mwake anapita ndi chipewa kuseri kwa chigafa, n'kuwauza kuti aphunzitsi akufuna mwini munda atole yekha. Apongozi anauona kuti ndi ulemu waukulu. Ankatola, Naphiri n'kukuwa nambala, ine n'kuthamangira kumzere. Panapezeka masamba aatali, aafupi, ena odyedwa ndi ziwala, ndipo kuseriko sikunamveke kutsokomola ngakhale kamodzi.

Ndinakhoza, abale. Ine amene ndinkawerenga malata! Lero ndikamayendera alimi ndimawaphunzitsa monyadira kuti munda sauweruza ndi fodya wa pachulu.

Koma patatha mwezi, Naphiri akuchapa zovala za mayi ake, anamasula mfundo ya pa chitenje. Munatuluka timapepala tisanu topindidwa bwino, tolembedwa ndi dzanja langa. Tonse tinali ta mizere ya kudambo.

Naphiri anandifunsa ngati ndikawauze aphunzitsi. Ndinayang'ana satifiketi pakhoma, ndinayang'ana nyumba ya apongozi, kenako ndinamuyankha kuti, "Kawauze wekha."