Galimoto Yanga M'chikuta

Usiku watha ndinalota, anzanga, koma ndiyambe ndakuuzani zenizeni kuti musasokonezeke. Galimoto yatsopano ija ndinaitenga Lachiwiri pa 11 Malichi. Amakaniko anga, a Gwaza, anandilamula kuti ndisapitirire liwiro la sikisite, komanso ndisaikweze pa M1 mpaka itakwanitsa makilomita 1,000 m'tauni muno. Lamulungu pa 16 kunabwera foni yochokera kwathu ku Ntcheu, yoti achemwali anga a Elube, amene anandilera mayi atamwalira, adwala kwambiri ndipo akundiitana. Ndinayankha kuti ndibwera injini ikakhwima. Dzulo pogona, mita inali pa 640.

Ndiye m'malotomo galimoto ija inali kuchipinda, itagona pamphasa, itafunditsidwa chitenje ngati khanda la m'chikuta, lija silitulutsidwa panja mchombo usanagwe. A Gwaza anali atamanga duku, akuipaka oilo paliwombo.

"Bwana, imani pakhomo pomwepo," anatero. "Muli ndi changu m'thupi, mungaidwalitse."

Ndiye galimotoyo inatsegula nyali imodzi, n'kulankhulira m'hutala motsitsa mawu. "Ababa, mafupa anga ngosakhwima. Mukandithamangitsa ndidzakhala wotsokomola moyo wanga wonse."

Ndinailonjeza kuti ndidikira.

Mwadzidzidzi chipinda chija chinasanduka raundabauti ya ku Area 18, ine ndili pachiwongolero, dzuwa lili pamutu. Ndiye ndinayamba kuzungulira kuti makilomita akwane. Ndinawerenga bwino: ndikazungulira kasanu, mita imawonjezera kilomita imodzi. Wotchi inali itaima pa 12:20 ndipo sinasunthenso. Magalimoto ena onse ankakhotera kummwera, ine ndekha n'kumabwerera pomwe ndachoka.

Ndiye wapolisi wa pamsewu anakweza dzanja. Pamene ankayandikira, yunifolomu yake inayamba kubiriwira, zala zikugwirana ziwiriziwiri, mchira ukutuluka pansi pa lamba. Pofika pawindo anali nanzikambe wovala chipewa. Diso limodzi linayang'ana mita, lina linaloza ku Ntcheu.

"Bambo, laisensi."

Ndinampatsa. Anaitembenuza pang'onopang'ono.

"Apa alembapo kuti ndinu mlongo wa munthu. Nanga mukutani pano?"

"Ndikutsata malamulo, bwana. Kwatsala makilomita 360."

"A galimoto kapena a wodwala?"

Anandibwezera laisensi ija itanyowa.

Mwadzidzidzi ndinamva fungo la sopo wochapira, ndiye nditayang'ana pagalasi ndinaona achemwali atakhala kumbuyo. Sanali odwala. Anali monga analili mu Januwale 1987, tsiku limene anandiwolotsa mtsinje wosefukira popita kusukulu, diresi yonyowa mpaka m'chiuno, mabuku anga pamutu.

"Iwe Wedisoni," anatero, "chiyambire ukuzungulira pomwepa?"

"Achemwali, injini sinakhwime."

"Nanga ine ndinali nditakhwima? Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, iwe uli kumsana kwanga ukundikodzera."

Anaseka pang'ono, n'kutsegula chitseko galimoto ikuyenda, n'kutsika. Ndiye anayamba kuyenda wapansi pakati pa msewu kulowera kummwera, osatembenuka, mapazi awo akusiya zidindo zamadzi paphula.

Ndinaponda mafuta. Mita inathamanga, 800, 900, n'kukaima pa 999. Pomwepo injini inazima.

"Ababa," inatero galimoto, "yatsala imodzi. A Gwaza anati 1,000."

Ndinaichonderera, ndinaigwadira pamaso pa anthu. Inakana mwaulemu. Ndiye ndinatenga chitenje chija n'kuibereka kumsana, matayala akundimenya m'nthiti, ine n'kumatsatira zidindo zija zisanaume. Ndinadutsa Nathenje, ndinadutsa Dedza, koma achemwali ankangocheperachepera kutsogolo mpaka anafanana ndi nyerere.

Mwadzidzidzi ndinampezanso nanzikambe uja, ali pokhotera kwathu penipeni. Anali atavula chipewa. Ankakoka nthambi ya masamba aawisi n'kuigoneka mopingasa pamsewu, monga tichitira pamudzi pakagwa maliro.

"Bwana, ndachedwa?"

"Nthambi zimakhala ziwiri, bambo, uku ndi uko," anatero osandiyang'ana. "Ndaika imodzi yokha. Inayo ndikukathyola."

Ndiye anatembenuka kulunjika pamtengo wa mango, akuponya mwendo umodzi kutsogolo, kuubweza, kuuponyanso. Ndinayeza ndi maso: kufika pamtengopo anali mamita makumi awiri, kufika kunyumba kwa achemwali anali mazana atatu. Ndinayesa kumasula chitenje kuti ndithamange, koma mfundo yake inali italimba pachifuwa, ndipo galimoto inali itagona tulo kumsana kwanga, ikupuma bwinobwino.

Ndinakoka mfundoyo ndi mano, ndiye panamveka kung'ambika kwakutali, ndipo ndinadzidzimuka.

Inali zipi ya chikwama changa chapaulendo. Mkazi wanga anali atagwada pansi akuchitseka, wotchi ili pa 5:10.

"Dzukani, bambo a Tadala," anatero. "Basi yoyamba inyamuka sikisi."